Mayi Wokondwa wa Matiresi a Nthenga

Ku ofesi ankamutcha Sefa, chifukwa ntchito yake inali yosefa. Ofesiyo inali ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la mphira linkakwera masitepe limodzi ndi aliyense wobwera. M'chipinda chachikulu munali matebulo, makompyuta, ndi fani imodzi imene inkangoyang'ana kwa Madamu, eni ofesi, ngakhale kuti inapangidwa kuti izitembenukira aliyense.

Zimene ankagulitsa pa ofesipo zinali zovuta kufotokozera achibale. Anthu amalemba pa intaneti, m'masamba awoawo otchedwa mabulogu. Wina amalemba za ana ake, wina za njinga yake yamoto, wina za mutu umene sukumusiya. Pakati pa zolembazo munthu amatha kutchula katundu amene anagula, n'kunenapo mmene akumuonera. Madamu anali ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyendayenda m'mabulogumo, yotola maganizo oterowo n'kuwapereka kwa eni makampani ofuna kudziwa zimene anthu amanena iwo kulibe. Ntchito ya Sefa inali yophunzitsa pulogalamuyo kusiyanitsa maganizo ndi nkhani wamba. Apongozi ake atafotokozeredwa zimenezi anamva kuti mkamwini wawo amalipidwa chifukwa chomvetsera miseche, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kumupatsa ulemu wochulukirapo.

Njira imene ankagwiritsa ntchito inali yosavuta. Pulogalamu inkasaka mawu monga "zabwino", "zoipa", "ndakondwa", "ndakhumudwa", "ine ndikuona kuti". Ikapeza mawu otere pafupi ndi dzina la katundu, inkati apa pali maganizo. Zotsala zonse inkaziponya pa mulu wa zotayidwa, umene panalibe ankauwerenga.

Makasitomala anali atatha mmodzimmodzi, kutsala kampani ya matiresi a Nthenga. Mwinimatiresi, bambo wathupi, wa mawu ofatsa ndi mpango wopukutira thukuta m'thumba la pamtima, ankabwera yekha kumapeto kwa mwezi uliwonse kudzamva zimene dziko likunena. Ankakhala pa mpando wa alendo, n'kuvala magalasi, n'kufunsa funso lomwelomwelo.

"Mayi wanga uja wanenanso chiyani?"

Mayi wakeyo anali mwini bulogu yotchedwa Mayi Wokondwa. Ndipo apa pali nkhani imene Sefa sankaikonda.

Ntchito yofufuza ili ndi kachitidwe kake. Pulogalamu ikakhala yatsopano, simungadziwe ngati ikupezadi zinthu pokhapokha mutabisa chinthu chimene mukuchidziwa, n'kuona ngati ichitola. Pa ofesipo ankati kubzala. Mumalemba bulogu yabodza, kuiika pa intaneti penipeni pamene pulogalamu imayenda, kuyesa, kenako n'kuizula. Mgwirizano ndi a matiresi utangoyamba, Sefa anabzala Mayi Wokondwa: mayi wa ana awiri amene anagula matiresi a Nthenga n'kuwatamanda ndi mawu onse amene pulogalamu inkawadziwa. Wozula anayenera kukhala Mawaya, mnzake wa tebulo loyandikana, amene ankasamalira makina. Mawaya ankayesa kuti wobzala ndiye amazula. Sefa ankayesa kuti wazula ndi Mawaya. Kumapeto kwa mwezi woyamba Mwinimatiresi anawerenga mokweza kuti: "Matiresi awa ndi abwino kwambiri, ndakondwa zedi, ndimagona ngati khanda." Sefa ndi Mawaya anayang'anana kamodzi, kenako aliyense anapeza chochita pa kiyibodi yake.

Mwezi wotsatira bamboyo anafunsa za mayiyo. Munthu wokondwa chonchija sakanangokhala chete, choncho Sefa anamulembera ndime ina. Mwezi winawo inanso. Popeza Sefa sanali munthu wodziwa kupeka, ankangotenga zimene zinali pafupi: nyumba ya pakona moyang'anana ndi pokwerera basi, makatani achikasu a kukhitchini, mwana wamng'ono wokana kusamba. Mayi Wokondwa anakula, ananenepa, anakhala munthu. Mawu ake anafika mpaka pa chikwangwani cha pamsewu waukulu, ndipo Sefa ankawaona m'mawa uliwonse pa windo la basi, atagwira msana.

Anali atagwira msana chifukwa naye ankagonera matiresi a Nthenga. Aliyense pa ofesipo analandira amodzi ngati mphatso posainirana mgwirizano.

Tsopano mgwirizanowo unali pafupi kutha. Madamu anawaitana onse awiri, n'kutembenuzira fani kumbali pang'ono, chizindikiro chakuti nkhani ndi yaikulu.

"Pali anyamata ena kutsidya kwa msewu waukuluwu akumunyengerera bambo uja. Akuti makina awo ndi amakono. Ife tiyenera kumuonetsa chinthu chatsopano pakutha pa mwezi uno. Akapanda kusaina, chipinda chino ndibweza kwa eni nyumba, ndipo woyamba kutsika masitepe ndinu, a Sefa. Mawaya amatha kukonza mafoni. Inu mumatha chiyani china?"

Sefa analingalira funsolo moona mtima.

"Amatha kulemba, Madamu," anatero Mawaya, maso ali pa sikirini.

Chinthu chatsopanocho Sefa anachipeza kunyumba, m'mawa wina, akusaka sokosi. Anapeza mkazi wake atagwada pambali pa bedi, atatukula matiresi ndi phewa, akulowetsa makatoni ophwatalala pansi pake, pakatikati pamene panali patakumbika dzenje.

"Mukutani, mayi a ana?"

"Ndikuika makatoni."

"Ndikuona. Kodi matiresiwa ndi oipa?"

Mkazi wake anamuyang'ana ngati munthu amene wamuneneza mlandu.

"Ine sindinatero. Tinawalandira nyengo yozizira ija. Lero ndikuika makatoni. Sokosi yanu ili kuseri kwa chitseko."

Sefa anatenga mawuwo n'kukwera nawo basi. Anadutsa nawo pa chikwangwani cha Mayi Wokondwa. Atafika pa mphambano ya kumsika anazindikira kuti mkazi wake anali atanena maganizo ake onse, osasiyako, popanda liwu limodzi lomwe pulogalamu ikanalitola. Ndipo atayamba kukumbukira, anaona kuti mkaziyo ankayankhula choncho nthawi zonse. "Achimwene anu anabwereka wilibala. Dzulo ndanyamula mchenga pa beseni." "Telala uja watenga muyeso kawiri. Diresi ndapatsa mng'ono wanga." Pa zaka zonse za ukwati wawo Sefa ankauza anzake kuti anakwatira mkazi wosadandaula.

Tsiku limenelo anachita chimene panalibe anachichitapo pa ofesipo: anatsegula mulu wa zotayidwa n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga mpaka tiyi wake anazizira.

"Tinagula matiresi a Nthenga titangolowa m'banja. Panopa amuna anga amagona pa mpando wa pabalaza."

"Agogo tinawagulira Nthenga. Apempha kuti tiwabwezere akale aja."

"Nthenga yafika Lachiwiri. Alipo akudziwa dokotala wa msana kufupi kuno?"

Panalinso ndime ina imene pulogalamu yakale inaiwerengera pa zotamanda, chifukwa munali liwu lakuti kusangalala: "Ndinagula matiresi a Nthenga. Galu wanga akusangalala nawo."

"Aise, tabwera udzaone," anatero Sefa.

Mawaya anakoka mpando, nawerenga, nakanda chibwano.

"Palibe watukwana apa."

"N'chifukwa chake sitinkawamva. Munthu akakhumudwa ndi chinthu chimene wagula yekha, safuula. Amachita manyazi, chifukwa wopusitsidwa ndi iye. Amangonena kuti anagula, kenako n'kunena chimene chinachitika. Maganizo ali pakati pa ziganizo ziwirizo, pamene sanalembepo kanthu."

"Ndiye ufuna kuphunzitsa makina kuwerenga pamene sipanalembedwe."

"Ndifuna aziyang'ana chiganizo chachiwiri."

Anaitcha njira ya ziganizo ziwiri. Pulogalamu ikapeza munthu akunena kuti wagula, walandira kapena wapatsidwa chinthu, isathamangire kusaka mawu okometsera. Iyang'ane chimene chatsatira. Kodi patsogolo pake pali guluu, makatoni, dokotala, mmisiri, kubweza, kupatsa galu? Kapena pali kugulanso china, kugulira mayi ake, kukana kubwereketsa? Anaidyetsa zitsanzo zambirimbiri, zina zochokera pa mulu wa zotayidwa, zina zochokera pakamwa pa mkazi wake, zimene tsopano ankazimvetsera mwachidwi mpaka mkaziyo anamufunsa ngati akudwala.

Njirayo inagwira. Sinkangopeza zodandaula zokha ayi. Poiyesa pa katundu wina inatola ndime imene Sefa anaiwerenga kangapo: "Ketulo iyi ndinagula mwana wanga woyamba asanabadwe. Dzulo wandiwiritsira madzi iye mwini, mu ketulo yomweyo." Panalibe liwu lotamanda, koma wopanga ketuloyo akanawerenga akanavula chipewa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyi, Sefa anamva kuti akuchita chinthu chimene akanatha kufotokozera apongozi ake popanda kuyang'ana pansi.

Ndipo sefa yatsopanoyo inachitanso chinthu china chimene iye sanaiuze. Inaona kuti pali zolemba zodzaza mawu otamanda koma zopanda chiganizo chachiwiri, zopanda chochitika chilichonse chotsatira kugulako, ndipo inazikankhira pansi penipeni. Woyamba kugwa anali Mayi Wokondwa.

"Wapha amayi ako," anatero Mawaya.

"Sindinawaphe. Makina awazindikira okha."

"Maliro ake ukalengeza ndiwe kwa bambo uja."

Sefa sanaope. Ankaganiza kuti munthu wamalonda akaonetsedwa choonadi chonse chonchi, chosanjidwa bwino, adzaiwala mayi mmodzi. Mwinanso adzapita kufakitale n'kukafunsa chifukwa chake matiresi ake amakumbika pakati. Sefa anafika poyerekeza Mwinimatiresi akumugwira dzanja. Mumtima anali atamuika kale m'manda Mayi Wokondwa, mwaulemu, ndi makatani ake achikasu.

Tsiku loonetsa litafika, Madamu anabwereka maluwa apulasitiki ku sitolo ya matayala, ndipo fani anaitembenuzira kwa mlendo. Mwinimatiresi anavala magalasi. Sefa analemba dzina la Nthenga n'kudina.

Bamboyo anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anawerenga za mwamuna wogona pa mpando, za agogo, za dokotala wa msana. Atafika pa galu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango.

"Mwana wanga, ine ndinapempha maganizo a anthu. Izi ndi nkhani za m'mabanja mwa eni ake. Wina wayambana ndi mkazi wake, akugona pabalaza. Agogo akalamba, akufuna zakale, ndi mmene amachitira okalamba. Uyu msana ukumuwawa, pepani kwa iye. Uyu amakonda galu wake. Ndani mwa anthu amenewa wanena kuti matiresi anga ndi otani?"

"Onse anena, bwana. Kungoti sananene ndi mawu. Mukaona chiganizo choyamba, munthu wagula. Mukaona chachiwiri..."

"Munthu akafuna kunena kuti chinthu n'choipa, amati n'choipa. Pakamwa ali napo." Anatembenukira kwa Madamu, ngati munthu wamkulu wofuna mnzake womvetsa. "Ine ndakhala m'banja zaka zambiri, mayi. Mkazi wanga sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Amangonena za nyengo, za mitengo ya zinthu, basi."

"Ali bwanji mayi kunyumba?" anafunsa Madamu mwaulemu.

"Ali bwino. Anapita kwa mchemwali wawo kukathandiza ntchito zina chaka chatha. Akuthandizabe."

Mawaya anawerama kukakonza chingwe chimene sichinali chomasuka.

"Nanga mayi wanga uja ali kuti?" anafunsa Mwinimatiresi, akuyendetsa chala pa sikirini. "Sindikumuona."

"Makina atsopanowa amuika pansi, bwana," anatero Sefa. "Aona kuti zolemba zake... zilibe umboni wokwanira."

"Munthu yekhayo amene amanena maganizo ake poyera ndiye alibe umboni." Bamboyo sanakweze mawu. Anapinda mpango wake bwinobwino. "Anyamata a kutsidya aja anandionetsa makina awo sabata yatha. Nditangolemba Nthenga, mayi wanga anatulukira pamwamba penipeni. Iwo amamupeza mosavuta. Inu mwakonza makina anu mpaka asiya kumupeza."

Zinali zoona.

"Komabe ine sindine munthu wosintha anthu ngati malaya," anapitiriza bamboyo. "Tichite chonchi. Mukuti makina anu ndi anzeru, amamva ngakhale zimene munthu sananene. Ndipezereni mayi ameneyu, munthu weniweniyo. Loweruka tikutsegula sitolo yatsopano, ndipo ndifuna kumuthokoza pamaso pa anthu. Mukabwera naye, ndisaina pomwepo. Koma makina mubwezeretse akale aja. Awa a agalu asungeni."

Mlendo atatsika masitepe, Madamu anabwezera fani kumene inkakhala. Sefa anatsegula pakamwa, koma iwo anakweza dzanja.

"Musavutike, a Sefa. Mayi ameneyu amalemba nthawi ya ntchito yokha. Inu mutapita kutchuthi, nayenso anapita kutchuthi. Mumayesa ine ndimangokhala pano kupuma mphepo?" Anatsegula bulogu ija pa kompyuta yawo. "Ali ndi ana angati?"

"Awiri."

"Inu muli ndi angati?"

"Awiri, Madamu."

"Amakhala nyumba ya pakona, moyang'anana ndi pokwerera basi. Makatani a kukhitchini ndi achikasu. Tsiku lija ndinakutulani pa galimoto, makatani ndinawaona. Ndiye vuto lili pati? Mayiyo alipo. Kamutengeni."

"Nanga njira yatsopanoyi, Madamu? Ikugwira. Mwaona nokha kuti ikugwira."

"Ikugwira kwambiri. N'chifukwa chake tiizimitse. Ife timagulitsa zimene anthu akunena kwa munthu amene ali ndi makutu akeake. Mukadzapeza kasitomala wofuna kumva za makatoni, mudzandiuze, ndidzamugulira maluwa enieni."

Madzulo a tsikulo Sefa anadikira kuti ana amalize kudya n'kupita kukasewera panja. Kenako anaika foni patebulo, bulogu ili yotsegula, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, monga ankalembera malipoti. Mkazi wake anapukuta manja, natenga foniyo. Anawerenga nthawi yaitali, akukankha ndi chala chimodzi. Nkhope yake sinasinthe.

"Makatani awa ndi anga," anatero pomaliza. "Ana awa ndi anga. Uyu wokana kusambayu ndamudziwa. Msana wokhawu ndi wa munthu wina."

"Ndi nkhani ya ntchito, mayi a ana. Zinangoyamba ngati kuyesa makina."

"Akuti amadzuka akuimba."

"Ndinangolemba."

"Akutinso mwamuna wake amamuthandiza kuyala bedi."

Sefa anayang'ana makatani.

"Ine bodza sindinena, bambo a ana. Mukudziwa."

"Sindikupempha bodza. Mungopita, mukhale pamenepo. Akakufunsani, munene zimene mumanena masiku onse. Bwana a matiresi aja samva."

Mkaziyo anaika foni pansi, nasonkhanitsa mbale. Ali pa sinki, atamufulatira, anati:

"Wamkuluyu nsapato zamuthina. Diresi langa labuluu lili m'sutikesi, lifunika kusita."

Kale Sefa akanafunsanso kuti ndiye mupita kapena ayi. Tsopano anangodzuka n'kukatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

Sitolo yatsopano inali ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, mabaluni pakhomo, ndi matiresi oimikidwa m'mizere, okutidwa mapulasitiki onyezimira. Panali ogulitsa ovala mayunifolomu, wojambula zithunzi, ndi anthu odutsa amene analowa atamva kuti mukugawidwa zakumwa. Madamu anabwera atavala chipewa. Mawaya anaima kumbuyo, pafupi ndi tebulo la zakumwazo.

Mwinimatiresi ataona mayi wa diresi labuluu akulowa, anayenda yekha kukamulandira, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mayi, ndinu ndithu. Ndimakuonani chonchi m'maganizo mwanga. Nanga bambo awa?"

"Ndi amuna anga."

Bamboyo anayang'ana Sefa, nayang'ananso mkaziyo. Sefa anamva thukuta likutsika mumsana, m'njira yomwe ululu unkadutsa m'mawa uliwonse. Madamu analowererapo mosachedwa.

"Ndi mmene makina athu alili, bwana. Anafufuza dziko lonse, n'kukamupeza m'nyumba mwa wantchito wathu yemwe. Mwini wakeyu sankadziwa n'komwe kuti mkazi wake ali ndi maganizo."

"Zimenezo n'zoona," anatero mkazi wa Sefa.

Mwinimatiresi anaseka mpaka anatulutsa mpango. Anamutengera mayiyo kutsogolo, pafupi ndi matiresi aakulu omangidwa riboni, n'kupempha anthu kuti akhale chete. Anafotokoza mmene mawu a mayi ameneyu ankamulimbitsira mtima pa nthawi zovuta, pamene ogulitsa ena ankabweza katundu popanda chifukwa chomveka. Kenako anamupatsa maikolofoni.

"Tiuzeni nokha, mayi, anthu amve. Matiresi athu mukuwaona bwanji?"

Sefa anatseka maso. Anamva mkazi wake akukonza kukhosi.

"Tinawalandira nyengo yozizira ija," anatero, mawu ali phee. "Kuyambira pamenepo, kunyumba kwathu palibe amene amachedwa kudzuka."

"Mwamva?" anatero Mwinimatiresi, akutembenukira anthu. "Amadzuka m'mamawa, amphamvu. Pitirizani, mayi."

"Alendo akabwera timawapatsa bedi lathu. Sakhalitsa."

"Apumula msanga. Usiku umodzi wakwana."

"Ana anasiya kudumphapo okha, osawaletsa."

"Ngakhale ana akuwalemekeza."

"Ndipo makatoni a m'sitolo muno, ngati mulibe nawo ntchito, ndingakonde kutengako."

"Mupatseni makatoni onse amene akufuna," analamula bamboyo, maso ali ndi misozi. "Mayi wosamala zinthu. Anthu otere atha masiku ano."

Anthu anawomba m'manja. Pakati pawo Sefa anaona mayi wina wachikulire, amene analowa chifukwa cha zakumwa, akuyang'ana mkazi wake n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, dzanja lili pa chiuno. Mnyamata mmodzi wogulitsa anayang'ana kudenga, akuluma mlomo. Zikuoneka kuti m'sitolomo anthu ambiri anali nayo kale njira ya ziganizo ziwiri, popanda kompyuta. Amene analibe anali mmodzi, ndipo ndi amene anali ndi cholembera.

Anasaina pomwepo, pepala atalitsamiritsa pa matiresi a riboni aja, ndipo cholembera chinaboola pepalalo chifukwa pansi pake panalowa. Madamu analipinda msanga n'kuliika m'chikwama. Podutsa pafupi ndi Sefa ananong'ona kuti Lolemba abwezeretse pulogalamu yakale, ndiponso kuti Mayi Wokondwa alembe za mwambo wa lero, popeza bambo aja adzafuna kuwerenga.

Mphatso ya mayiyo inali matiresi a riboniwo.

Galimoto ya kampani inawatula pakona, moyang'anana ndi pokwerera basi. Anthu oyandikana nawo nyumba anatuluka kudzaona. Awiriwo ananyamula matiresiwo, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kuwapinda kuti alowe pakhomo, ndipo anapindika mosavuta kuposa mmene matiresi amayenera kupindikira. Poti panalibe malo ena, anawasanjika pamwamba pa akale aja. Bedi linatalika mpaka kufika m'chiuno. Pakati pake, atsopanowo anali atayamba kale kutsatira dzenje la anzawo.

Sefa anakhala m'mphepete mwake n'kumasula tayi. Ntchito inali itapulumuka. Lolemba adzakwera masitepe a fungo la mphira, adzazimitsa chinthu chabwino chokhacho chimene anapangapo, n'kukhala pansi kulemba mmene mayi wina wa makatani achikasu anasangalalira. Anafuna kunena mawu othokoza.

"Mwandithandiza lero, mayi a ana. Simunakhumudwe, eti?"

Mkazi wake anali atavula nsapato, akusanja makatoni atsopano kuseri kwa chitseko, aakulu pansi, aang'ono pamwamba.

"Ine sindinatero," anayankha. Anawongola katoni imodzi ndi chikhatho. "Ndinakwatiwa ndi munthu wophunzira, wodziwa kumvetsera. Lero andijambula chithunzi ndi matiresi."

Anatuluka kukaitana ana.

Sefa anatsala yekha pa bedi lalitalilo. Sanafune kuwerenga, koma mutu wake unali utaphunzira kale ntchitoyo ndipo sunkadziwa kuzimitsa. Chiganizo choyamba: munthu wapeza chinthu. Chiganizo chachiwiri: chimene chinatsatira. Anakhala pomwepo akuyang'ana mulu wa makatoni kuseri kwa chitseko, n'kuona kuti anali ambiri kuposa amene bedi limodzi lingafune, okwanira kulongedzamo katundu wa munthu.